Boti Loyezedwa ndi Tepi ya Telala

Ine ndine telala, ndipo zaka makumi atatu ndi zisanu zimene ndakhala pa makina mumsika wa Kabwata sindinadulepo nsalu ya munthu ndisanamuyeze. Mayi akabwera n'kunena kuti ndisokere mwana wake, thupi ndi lofanana ndi lakelo, ndimamubweza akatenge mwanayo. Anthu amati Beatrice Lukonde ndi wovuta. Anene, pakamwa ndi pawo, koma diresi losoka ine silinabwererepo. Nanga chinandilowa m'mutu n'chiyani chaka chatha, kuti nditsale pang'ono kulola ana kugulira bambo awo boti osawayeza? Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi ndekha.

Amuna anga, a Wisdom Lukonde, anayendetsa basi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, kuchoka pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kupita ku Mansa kudzera ku Samfya, kwawo. Anali munthu wosadziwa mpando wakumbuyo. Tsiku la ukwati wa mwana wathu Annette anakana kukwera galimoto ya makolo yokongoletsedwa ndi maliboni, mpaka dalaivala wake anawapatsa makiyi kuti mwambo uyambe. Akapeza tsiku lopuma ankatenga ndodo yawo yowedzera ndi kachitini ka nyongolotsi, n'kukwera minibasi ya ku Kafue, ndipo ndamva kuti ngakhale mmenemo ankakhala kutsogolo n'kumalangiza mwini galimoto. Ine sindinawaperekezepo n'kamodzi komwe. Madzi ndimawaopa. Kwathu ku Katete kamtsinje kathu kamauma mu Ogasiti, ndipo ndi pamene ndimakakonda.

Ankabwera madzulo ndi tinsomba titatu komanso nkhani za maboti a eni ndalama odutsa pakati pa mtsinje, iwo ali pagombe ndi matope mpaka m'mawondo.

"Bana Dunstan, nikapumula nchito nizagula boti," ankatero, kundiitana mwa Chibemba chawo ndi dzina la mwana wathu woyamba.

Ine ndinkawayankha kuti ayambe agula geti, popeza lathu tinkalitseka ndi waya.

Ntchito anapumadi, koma patangotha miyezi isanu ndi iwiri sitiroko inawagwetsa m'bafa, Lachiwiri m'mawa, ine ndili kumsika. Anawapeza ndi mwana wathu woyamba, Dunstan, amene anangopatuka kudzasiya thumba la ufa. Anathyola chitseko, n'kuwabereka kumsana mpaka m'galimoto. Moyo unapulumuka. Mkono wamanzere unafa, mwendo wamanzere unatsala wokoka. Mawu anabwerera patapita milungu, koma mwini wake sanawafunenso.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anachimenyera nkhondo. Anakana kuti munthu aziwakweza pabedi. Miyezi itatu anavutika, kugwa ndi kutukwana m'Chibemba, mpaka anapeza njira yawo: kukhala m'mphepete mwa bedi, kugwira buluku pabondo ndi dzanja lamanja, kunyamula mwendo wakufawo n'kuuponya pamwamba, kenako winawo n'kutsatira. Atapambana pamenepo ndinkati zina zitsatira, koma ayi. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana mtengo wa gwafa. Ku tchalitchi anasiya. Anzawo a ku Intercity akabwera, ankanamizira tulo. Chilichonse chimene ndinkafunsa yankho linali limodzi. Tiyi kapena phala? "Vilivonse." Shati yoyera kapena yabuluu? "Vilivonse." Mawu amenewo ndinadana nawo kuposa matenda enieniwo. Munthu wanga ankazima ndikuona, akudya bwinobwino katatu pa tsiku, ndipo ndinkaopa kuti chaka china sichitipeza tili awiri.

Ana nawonso ankaona. Lamlungu lina mu Seputembala anabwera onse, Dunstan kuchokera ku Kabulonga kumene amakhala m'nyumba ya mpanda wautali, Annette kuchokera ku Chelstone kumene amaphunzitsa. Titadya, Dunstan anayala mapepala awiri a zithunzi patebulo.

"Ba Dadi, ine na Annette tapangana," anatero. "Ija boti munali kukambapo, tizakugulilani. Tapeza yabili ku Emmasdale."

Loyamba linali lalikulu, loyera ngati mbale yatsopano, la mipando ya makushoni yokwana anthu asanu ndi atatu, la denga la tenti, la chiwongolero ngati cha galimoto. M'mbali mwake munali motalika, mofika m'chiuno mwa munthu. Lachiwiri linali kaboti ka aluminiyamu, kotuwa, kapansi pafulati, ka mabenchi atatu opanda ngakhale kansanza. Injini yake inali kumbuyo, yokhala ndi mpini umene woyendetsa amagwira.

"Iyi ing'ono ni ya bowedza chabe, bantu folo," Dunstan anapitiriza. "Iyi ikulu ndiye ya famile."

"Ikulu ili bwino maningi," Annette anavomereza. "Ba Dadi bazankala mumtunzi, Dunstan azayendesa, bana bazasobela. Olo yagwedezeka bwanji, muntu sangagwe."

Bambo awo anayang'ana mapepala aja nthawi yaitali ndithu. Kenako anabweza maso ku mtengo wawo wa gwafa.

"Vilivonse," anatero.

Ndipo ine, Beatrice, mayi wa tepi m'khosi, ndinawomba m'manja n'kunena kuti lalikululo ndiye labwino. Ndinaona mbali zazitali zija ngati mpanda wa khola, mtima wanga n'kukhala pansi. Nkhani yotsala inathera pafoni, pagulu lathu la banja, pamene bambo alipo koma salembapo. Anagwirizana zokagula Loweruka.

Lachitatu magetsi anathima kumsika nthawi ya nkhomaliro, ndiye ndinatseka shopu n'kubwerera kunyumba msanga. Ndinalowera khomo la kukhitchini. Ndikutunga madzi akumwa, ndinasuzumira pawindo la kukhonde, ndipo kapu inatsala pang'ono kundipulumuka. Amuna anga anali atachoka pampando wawo, atakhala chammbali pabenchi. Ndodo yawo yoyendera anali ataikola nsonga imodzi pazitsulo za windo kumbuyo kwawo, mbali inayo ataigwira ndi dzanja lamanja. Ankaipotokola pang'onopang'ono, kuikankhira kutali, kuikokera pafupi. Maso anali patsogolo, kupyola gwafa, kupyola mpanda, milomo ikunjenjemera. Ndinati basi, matenda aja abweranso. Koma ndisanakuwe ndinamva kaphokoso kamene milomoyo inkatulutsa, ndipo kanali ka injini. Pansi pa ntchafu yawo panatulukira ngodya ya pepala lopindidwa, ndipo ndinalizindikira kutuwa kwake. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ndinatuluka. Anagwetsa ndodo msangamsanga ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'shuga.

"Bashi Dunstan, muchita chani?"

"Palibe."

"Imwe, osaninamiza ine. Nakuonani pa windo."

Anasolola pepala lija pansi pa ntchafu n'kuliyala pabondo. Kenako analankhula mawu ambiri kuposa onse a chaka chimenecho kuphatikiza pamodzi.

"Ija ikulu ifuna manja yabili. Kumozi pa sitelingi, kwinangu pa moto. Ija ing'ono ni kwanja kumozi chabe. Wapotola, yatamanga. Wakankila uku, yakoneka uku. Vonse vili pa mpini umozi."

"Manje simunakambe chifukwa chani pa Sondo?"

"Nizakamba chani? Bana bafuna kunichitila vabwino. Bazaninyamula, bazanifaka pa kushoni, bazanipasa na dilinki." Anatola ndodo ija pansi. "Pa Intercity vintu vamene tenze kunyamula so tenze kuviitana katundu."

Ndinapsa mtima, koma ndinasowa womupsera, popeza wolakwa woyamba ndinali ine. Chaka chathunthu ndinkawadulira nyama m'mbale, kuwasankhira malaya, kuwayankhira mafunso alendo akawafunsa, n'kumadabwa kuti bwanji munthu sakufuna kanthu. Ndinalowa kuchipinda kuti asaone misozi. Ndili mmenemo maso anga anagwera pabedi. Ndinadziwiratu chimene Dunstan adzanene, kuti boti lililonse bambo adzafunika kunyamulidwa basi, ndiye kuli bwino lalikulu lomwelo. Ndinavula tepi m'khosi n'kugwada. Kuchoka pansi kufika pamwamba pa matiresi panali mainchi makumi awiri ndi imodzi, ndipo ndinalemba nambalayo ndi choko changa chosokera mkati mwa chikwama.

Loweruka Dunstan anafika ndi Annette nthawi ya naini kudzanditenga ine ndekha, kuti ndikaone mtundu wa makushoni. Anapeza bambo awo ali pakhonde atavala shati yosita ndi nsapato zopolisha.

"Ba Dadi nabo bayenda?" anafunsa.

"Boti ni ya ndani?"

"Ba Mami, kuja kuli zuba, kuli na fumbi. Bazalema chabe."

"Ine nsalu sinijuba mwine wake kulibe," ndinatero. "Segula chitseko cha kusogolo."

Malo ogulitsira maboti anali bwalo lalikulu la mpanda wa malata kuseri kwa masitolo a zitsulo, ndipo maboti anali ndandanda pa ngolo zawo zamatayala. Wogulitsa anali bambo wina dzina lake Killian, wa magalasi akuda pamphumi ndi pakamwa pothira uchi. Anathamangira Dunstan ndi manja awiri.

"Shani ba bosi! Boti yanu tayisuka, ilindila chabe imwe." Kenako anaweramira amuna anga, nawatcha agogo m'Chibemba, mokweza mawu ngati akulankhula ndi munthu wogontha. "Na ba shikulu babwela! Muli bwanji ba shikulu?"

A Lukonde anali atayamba kale kuyang'ana maboti. Killian sanadikire yankho, anali atatembenukira kale kwa Dunstan.

"Ba Killian," ndinamudula, "aya maboti yabili, yaseluseni pansi."

"Pansi bwanji, ba mayo?"

"Pansi pa doti. Tifuna kuyesa."

Anaseka, nayang'ana Dunstan kuti amuthandize. "Awe ba mayo, kuno sitichita so. Muntu akwela pa ka leda, aona mukati, basi."

"Pa manzi boti inkala pa mawilo? Nsapato muyesa ili pa shelufu? Ngati simufuna, kambani, ku Kafue Road nakonso bagulisa maboti."

"Ba Mami, mutichitisa nsoni," Annette ananong'ona.

Manyazi ine ndinawasiya kunyumba. Ndinatsegula ambulera yanga n'kukhala pa mulu wa matayala, kusonyeza kuti tsiku lonse ndili nalo. Killian anakanda m'mutu, nayang'ana boti lalikulu lija limene ankaliona ngati lagulidwa kale, n'kuitana antchito ake. Anayala makapeti akale, napendeketsa ngolo. Kaboti kakang'ono kanatsika ndi amuna awiri okha. Lalikulu linafuna asanu, thukuta ndi mawu ena oti sindingawalembe pano.

Ndinapita ndi tepi yanga. Lalikulu, kuchoka pansi kufika pamlomo pake, mainchi makumi atatu ndi asanu ndi imodzi. Kakang'ono, makumi awiri. Ndinayezanso kachiwiri, monga ndimachitira ndi nsalu yodula mtengo, ndipo anali makumi awiri omwewo. Kanali kafupi ndi inchi imodzi kuyerekeza ndi bedi lathu.

"Tiyambe na ikulu," Dunstan anatero. "Muzaona mweka."

Anawanyamula atatu, Dunstan m'khwapa, antchito awiri miyendo. Shati imene ndinasita m'mawa inakwinyikira m'mwamba mimba n'kuonekera, nsapato imodzi inavuka n'kugwera pa kapeti. Anawakhazika pampando wa woyendetsa, Annette nawakonza kolala.

"Onani mwamene bankalila!" Killian anafuula. "Monga ba minisita!"

Amuna anga ankayang'ana sokosi yawo. Ndinawauza kuti agwire chiwongolero, ndipo anagwira. Ndinafunsa Killian kuti moto amawonjezera pati. Analoza chitsulo chili pambali. A Lukonde anasiya chiwongolero n'kugwira chitsulocho, kenako anasiya chitsulo n'kubwerera ku chiwongolero. Anachita zimenezi kawiri, mosafulumira, kuti aliyense aone. Kenako anawatsitsa monga anawakwezera.

Nditawaveka nsapato ija ndinaimirira pakati pa iwo ndi anthu onse.

"Manje iyi ing'ono. Pasapezeke muntu wogwila. Olo umozi."

Panali masitepe ngati khumi. Anayenda ndi ndodo yawo, mwendo ukulemba mzere m'fumbi. Atafika anatembenuka, nakhala pamlomo pa boti monga amakhalira m'mphepete mwa bedi. Anaponya ndodo mkati. Anagwira buluku pabondo n'kunyamula, koma chidendene chinakola pachitsulo, mwendo n'kubwerera pansi. Dunstan anadumpha. Ndinamutchinga ndi ambulera pachifuwa, ndipo ndikhulupirira kuti ndikanamumenya nayo, mwana wanga wobereka ndekha, pamaso pa anthu. Bambo ake anapuma kawiri, nagwiranso buluku cham'munsi pang'ono, nanena liwu limodzi la Chibemba limene silinenedwa m'tchalitchi. Mwendo unadutsa. Winawo unatsatira wokha. Anadzikoka pabenchi, nagwira mbali, nasamukira pabenchi yakumbuyo, n'kukhala chakumanzere. Dzanja lamanja linagwera pampini wa injini ngati linkabwerera kwawo.

Wantchito wina anayamba kuwomba m'manja, anzake n'kumutsatira.

"Ba shikulu," Killian anatero, "bantu bambili bankala side iyi, bagwila na lefuti."

"Lefuti yanga inapumula nchito," a Lukonde anayankha. "Yachinja magiya myaka twente-eyiti. Manje ni ntawi ya munzake." Antchito anaseka. "Iyi injini mpamvu yake ni mahosi yangati? Ikumwa bwanji mafuta? Mapulagi yake yapezeka mu tauni, olo mpaka ku Joni?"

Killian anachotsa magalasi pamphumi n'kuwaika m'thumba. Anakhala pamlomo pa boti n'kuyamba kuyankha, ndipo ulendo uno sankakweza mawu, komanso Dunstan sanamuyang'anenso. Anakambirana za giya, za mafuta osakaniza, za kulemera kwa nangula. Ine ndinangoima ndi ambulera yanga, kumvetsera mawu a mwamuna wanga ngati nyimbo imene wailesi inasiya kuimba kalekale.

Dunstan anandikokera pambali, koma mawu ake anamveka bwalo lonse.

"Ba Mami, imwe simunaliko siku ija. Ndine ninapwanya chitseko. Ndine ninabapeza pansi, maso yali mumwamba. Manje mufuna nibafake mu ka beseni aka pakati pa Kafue? Bakagwela mumanzi na kwanja kumozi, muzakamba chani?"

Maso ake anali ofiira. Pamenepo mkwiyo wanga unatha, chifukwa ndinaona kuti boti lalikulu lija silinali la kunyada. Mwanayo ankagula tulo take.

"Dunstan," bambo ake anaitana. "Bwela kuno."

Anapita, naima pambali pa boti, munthu wamkulu wa ndevu zake.

"Unaninyamula siku ija. Natotela, zikomo mwana wanga, sinizaibala. Koma kufika lelo ukalibe kunitula." Anasiya mpini n'kumugwira dzanja. "Nitule manje. Walema, na ine nalema."

Dunstan anatembenukira kumpanda wa malata, mapewa akugwedezeka. Annette analira poyera, iye sabisa. Killian anayamba kupukuta injini imene inali yoyera kale. Patapita kanthawi Dunstan anapukuta kumaso ndi mkono, n'kuyamba kuika malamulo ake: jekete yoyandamitsa nthawi zonse, osapita okha, osapita kukakhala mphepo. Killian anaonetsa kachingwe kofiira komangirira padzanja, koti woyendetsa akagwa injini imazima yokha. Bambo anavomera zonse, kupatula lamulo loti azibwerako isanakwane twelofu, limene anati ndi la ana a sukulu. Annette anafunsa za adzukulu, poti banja lonse silingakwanemo.

"Bazakwela mochinjana," bambo ake anatero. "Basi ikazula, benangu balindila tilipu yachibili. Sivachilendo."

Tinagula kakang'onoko. Killian anawonjezera kapaipi kokolekamo ndodo yowedzera, n'kukamangirira kudzanja lamanja, ndipo potsanzika anati "ba Lukonde," osati "ba shikulu."

Sabata imeneyo nyumba yathu inasanduka ina. Boti linagona pabwalo, pansi pa gwafa, ndipo ana a m'Kabwata ankasuzumira pa geti kufunsa ngati kukubwera chigumula. A Lukonde ankadzuka ine ndisanadzuke. Anatulutsa bokosi la mbedza limene linachita dzimbiri, naitanitsa anzawo awiri a ku Intercity kudzaona injini, n'kukangana nawo mpaka dzuwa kupendeka. Lachinayi ndinawapatsa phala, iwo n'kulikankha, akuti akufuna tiyi ndi mbatata. Ndinatsala pang'ono kuvina m'khitchini. Jekete yoyandamitsa ija inali ndi malamba atatu ofuna manja awiri, ndiye ndinapita nayo kushopu, ndinasiya malamba ake momwe analili koma ndinasinthira zomangira zonse kumanja, n'kusokerera mphete yaikulu pazipi kuti chala chimodzi chizikoka. Ndinawayeza kawiri ndisanasoke.

Loweruka loyamba la Okutobala tinanyamuka m'mamawa, boti likugwedera kumbuyo kwa galimoto ya Dunstan, kudutsa Makeni ndi Chilanga mpaka ku Kafue. Annette anabwera ndi ana ake ndi mphasa, kuti adikire ulendo wachiwiri pamthunzi. Ine ndinabwera ndi ambulera ndi mabanzi. Maganizo anga anali oti ndikhala pagombe, ndiwombe m'manja, basi.

Analitsitsira m'madzi n'kuligoneka chammbali pagombe. Pamadzi boti silikhala phee ngati pa kapeti, ndipo a Lukonde atakhala pamlomo pake linapendekeka. Dunstan anagwira chingwe chokha, mano ataluma mlomo, koma sanasunthe. Mwendo unadutsa ulendo woyamba womwe. Atafika kumbuyo anamanga kachingwe kofiira padzanja mothandizidwa ndi mano, naponda benchi ndi phazi labwino, nagwira chingwe cholizira injini.

"Ba Dadi, lekani nidonse ine," Dunstan anatero.

Bambo ake anangolimbitsa dzanja pachingwe. Anakoka koyamba, injini inangotsokomola. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu inakhala ngati ikuvomera, n'kusintha maganizo. Asodzi awiri amene ankakonza ukonde chapafupi anasiya ntchito n'kumayang'ana. Mkono wamanja umenewo unali utagwira ntchito ya mikono iwiri chaka chathunthu, kukoka thupi lonse pabedi, pampando, m'bafa, ndipo sindinadziwe kuti unakula chotero mpaka ndinauona ukukoka kachinayi. Injini inalira, utsi wabuluu n'kuyala pamadzi. Adzukulu anakuwa. Ine ndinaimba nthungululu imene sindinaimbe ngakhale pa ukwati wa Annette.

Dunstan anakwera kutsogolo. Ndinkati anyamuka, koma a Lukonde anandiyang'ana.

"Bana Dunstan, kwelani."

"Ine? Awe. Imwe muziba ine na manzi."

"Myaka sate-eyiti mukana. Nyongolosi azanifakila ndani pa mbeza? Uyu aopa kudesa manja."

Apa ndiye ndinagwidwa ndi msampha wotchera ndekha. Ndinauza anthu onse kuti munthuyu akhoza, ndiye ndikanakana bwanji kukwera galimoto yake? Annette anandiveka jekete pamwamba pa suti yanga ya chitenje. Ndinakwera chokwawa, ulemu wonse wa mayi wa Chigwirizano n'kutsala pamatope, ndipo ndinakhala pabenchi yapakati nditagwira uku ndi uku. Dunstan anali chiimire kutsogolo, akuloza koti tidzere.

"Nkala pansi iwe!" bambo ake anakalipa. "Mu motoka yanga sibaimilila."

Anali mawu a pa Intercity enieni, aja ankakhazika pansi basi yonse. Bwana wa ku Kabulonga anakhala pansi msangamsanga, manja pamawondo.

Dzanja linapotokola mpini, mphuno ya boti inadzuka, gombe linayamba kuthawa. Ndinatseka maso n'kuyamba nyimbo ya m'buku, koma pofika ndime yachiwiri ndinatsegula diso limodzi n'kucheuka. Amuna anga anali atakhala mowongoka, mphepo ikukupiza kolala, maso akuyenda uku ndi uku pamadzi monga ankayendera pamsewu wa ku Serenje. Anakhota mokoma kuzungulira chilumba cha bango, osagwedeza ngakhale banzi m'chikwama changa. Ankaseka, mbali imodzi ya pakamwa ikutsalira, ndipo sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Ndinasangalala mpaka mantha anasowa pokhala.

Anazimitsa injini pamalo ena abata n'kulamula Dunstan kuponya nangula. Kuika nyongolotsi pambedza si nkhani kwa munthu wolowetsa ulusi pasingano magetsi atathima. Ine ndinkaika nyambo, iwo ankaponya n'kukoleka ndodo m'kapaipi kaja, nsomba ikadya ankapukusa ndi dzanja lomwelo, Dunstan n'kuiwola ndi kaukonde. Tinagwira zinayi, imodzi yaikulu kuposa mbale yanga ya alendo. Dunstan anaponya yakenso mbedza kakhumi konse n'kukola udzu wokhawokha, ndipo bambo ake sanamusiye, anamuseka njira yonse yobwerera.

Anafikitsa boti pagombe mofatsa, chammbali, pamalo pomwe tinanyamukira. Adzukulu anali kale pamzere atavala majekete awo. Ine ndinatsika chokwawa monga ndinakwerera. Bambo anati atsike kaye awongole msana asanatenge ulendo wachiwiri, ndipo anasamukira pabenchi yapakati n'kukhala pamlomo pa boti. Dunstan anali atalumphira kale pamatope. Chizolowezi ndi chizolowezi, anafika n'kutambasula manja onse awiri kuti awanyamule.

A Lukonde anayang'ana manja aja. Kenako anawerama, natola chingwe chimene tinatungirapo nsomba, n'kumuika nacho m'manjamo, madzi akudontha pa wotchi yake yodula.

"Nyamula katundu, iwe," anatero. "Dilaiva aseluka eka."

Anagwira buluku pabondo, naponya mwendo kunja, ndipo anatsika.